Milamba ya a Namaliya

Kwathu kuno, kumunsi kwa Golomoti, munthu akafunsa kumene angapeze mlamba wowamba bwino, aliyense amamulozera kwa a Namaliya. Ine ndine Felesita, make Mathias. Nyumba yanga ndi yawo zalekana ndi mpanda wa udzu basi, ndipo takhala choncho chikwatiwire changa m'mudzi muno. Zimene ndikunenazi si zakumva ayi.

A Namaliya anadwala khate ali mtsikana. Anakakhala nthawi yaitali kuchipatala cha ku mishoni ku Mua, akumwa mankhwala, mpaka madokotala anawauza kuti achira, abwerere kwawo, palibenso choopa. Koma nthendayo inali itadya kale zala. Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu ndi tizidutswa, kumanzere zotsalazo zinapindika. Kuchira anachiradi, koma anthu sanaiwale. Kumaliro, kuukwati, kumsonkhano wa amayi a mpingo, a Namaliya ankapita atamanga mbale yawo ndi kapu yawo m'kansalu. Palibe ankawathamangitsa, ifetu ndife anthu aulemu kwambiri. Tinkangosendera pang'ono, iwo n'kumadya paokha.

Mwamuna mmodzi yekha ndiye sanasendere, a Lackson, wopha milamba mumtsinje wa Livulezi. Anawakwatira abale awo akuletsa, ndipo anabereka mwana mmodzi, Tawina. A Lackson anamwalira mwanayo asanayambe n'sukulu yomwe, n'kusiya nyumba yothonya ndi miono yawo. Anthu anati mono ndi ntchito ya amuna. M'mawa mwake tinangoona a Namaliya atasenza miono ija akutsikira kumtsinje.

Mukanawaona akugwira ntchito mukanaseka kaye, kenako n'kuchita manyazi. Luzi ankamanga ndi mano. Nyambo yawo inali madeya okazinga, oumba ndi zikhatho ngati akuwomba m'manja. Mvula yoyamba ikagwa, milamba ikamakwera m'udzu wosefukira ndi m'ngalande za ku sikimu ya mpunga, iwo amakhala atatchera kale. M'chilimwe, madzi akatsala m'maiwe mokha, ankalowa m'matope mpaka m'chiuno n'kumaimva ndi miyendo, poti manja awo sankamva kanthu. Kusamva kumeneko ndiko kunali koopsa. Mlamba uli ndi minga pambali pa mutu, ndipo ukakubaya umalira ngati mwana. Iwo ankafika pakhomo magazi ali chuchuchu, akuyimba nyimbo ya kutchalitchi, osadziwa kuti abayidwa. Tawina anakula akuyang'ana manja a mayi ake tsiku ndi tsiku, akuwatsuka ndi madzi a mchere n'kumawakalipira ngati wamkulu ndi iye.

Za mlamba anthu amakangana, ndipo sadzasiya. A mpingo wa Sabata amati nsomba yopanda mamba siidyedwa. Anzathu a kumapiri amati si nsomba konse, ndi njoka imene inamera ndevu. Ena amati imadya zonyansa za pansi pa madzi, ngati kuti nkhuku imene amaikondayo imadyera patebulo. Ine onsewo ndimangowamvera chisoni, chifukwa sadziwa chimene akudzimana. Koma palinso mawu ena amene akuluakulu ankanena motsitsa mawu: munthu amene anadwalapo khate asadye mlamba, umadzutsa nthenda. Madokotala sananenepo zimenezo. A Namaliya anafunsapo namwino wina, iye n'kuseka kuti ndi nthano chabe. Komabe sanayerekeze. Munthu amene anaona zala zake zikutha simungamuuze kuti angoyesa.

Ndiye taganizani, mayi wopha milamba, woiwamba bwino kuposa aliyense kuchokera ku Mtakataka mpaka ku Bwanje, sankadziwa kukoma kwake. Akaphika, Tawina kulibe, ankandiitana pampanda.

"Make Mathias, tadzalawani mchere kuno."

Ine, wosusuka mnzanu, sindinakanepo n'kamodzi komwe.

Tawina anakula n'kukhala mtsikana wooneka bwino, wakhungu losalala, wolankhula mochepa. Anadziwana ndi Davison, mnyamata wa kumtunda, cha ku Bembeke, amene ankagwira ntchito pa chigayo cha mpunga ku Mtakataka. Mnyamatayo anali wabwino, ndipo za manja a apongozi akewo ankazidziwa. Ankhoswe anakumana koyamba, zonse zinayenda bwino. Kenako kunangoti zii. Mwezi unatha, wina n'kutha, ankhoswe a kuchimuna osaonekanso. Pomalizira pake Davison anaulula akuyang'ana pansi: wina anakanena kwawo kuti mtsikanayo ndi mwana wa wakhate, ndipo abale anagawanika. Mayi ake a Davison, mayi Margret, anati sangavomere kapena kukana za m'maluwa, atsika okha adzaone.

Tawina anasiya kudya. A Namaliya sanalire pamaso pa mwana, koma ine ndinkawamva kuseri kwa mpanda akutsuka mbale imodzimodzi osaimaliza. Ukwati wa mwana wawo yekhayo unatsala pa ulendo umenewo, ndipo onse awiri ankadziwa.

Inali nyengo yotentha, chitopa chitasesa nkhuku mudzi wonse. Mlendo wotero timamuphera nkhuku, choncho ndinati ndipite kwa mlongo wanga ku Mtakataka ndikapemphe tambala.

"Ayi," anatero a Namaliya. "Mwanayu wakula ndi milamba. Sukulu yake ndi milamba, nsalu wavalayo ndi milamba. Ndibise chiyani?"

"Chabwino, amake Tawina. Koma bwanji ndiphike ine, inu mungokhala pansi manja mutawafunditsa chitenje?"

"Akubwera kudzaona manja anga, osati anu."

Ndinapsa mtima, chifukwa ndinkafuna kuwathandiza, koma anthu ofatsa akakana amakana zenizeni. Chimene anandilola n'kubweretsa mpunga wa kumunda kwanga kusikimu.

Dzulo lake la tsikulo anakavuula mlamba waukulu padziwe la pansi pa mkuyu. Anautsuka ndi phulusa ndi madzi otentha mpaka kuterera konse kunatha, anauwamba pang'ono kuti uume kunja, m'mawa n'kuuphika ndi tomato ndi anyezi. Mchere ndinalawa ine. Sindinadyepo mlamba wokoma choncho, ndipo ndadya yambiri.

Mayi Margret anatsika msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere pa matola n'kufika dzuwa lili paliwombo. Anali mayi wamtali, wosasekaseka, atavala juzi kutentha konseku, thukuta lili kamukamu. Davison anawafikitsa panjinga n'kuthawira kwa anzake. Tinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Namaliya anakhala padothi chapatali, monga anazolowera, n'kupereka moni osatambasula dzanja. Manja anawaika poyera, pamaondo. Mlendo anawayang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Anakambirana za kutentha, za mvula kuchedwa, za mbatata ya kachewere ya kwawo. Nkhani yeniyeni palibe anaikhudza.

Tawina anagwada, anawathirira madzi osamba m'manja, n'kuvundukula mbale. Pamwamba penipeni a Namaliya anali ataika mutu, umene kwathu kuno timapatsa munthu wolemekezeka. Unali mutu waukulu, wophwatalala, ndevu zake zili lendelende mumsuzi.

Mayi Margret anatambasula dzanja, n'kulibweza. Analiika pamiyendo. Maso anali pambale, milomo atailuma.

Tinadikira. Ntchentche inatera pampunga, palibe anaiingitsa. Ndinaona madzi a m'jagi imene Tawina anagwira akutayikira pansalu yake. Mumtima ndinatukwana mayi ameneyo mawu amene sindingawalembe pano.

A Namaliya ndiwo analankhula, mawu ali pansipansi.

"Mayi, ndaphika ndine, sindikunamizani. Nthenda ija inatha kalekale, mwanayu asanabadwe. Koma ngati manja angawa akukunyansani, musadzikakamize. Make Mathias akuphikirani zina kwawo. Chimene ndikupempha n'chimodzi: mwana wanga alibe mlandu. Mukamutenga, ine sindidzabwera kwanu kudzakuchititsani manyazi. Ngakhale kuukwati ndikhoza kukhala kunja."

Mayi Margret anatukula mutu, maso ali tong'o.

"Manja? Mayi, mukunena chiyani? Ine ndikuopa chinthu chandevuchi! Chikundiyang'anatu ichi!"

Ine kuseka kunandiphulika kosafuna, mpaka ndinagwira pakamwa. Tawina anaseka misozi ili m'masaya. Mlendo naye nkhope inamasuka.

"Kwathu sitidya zimenezi," anapitiriza. "Chibadwire changa sindinaikepo mkamwa. Amati ndi njoka, amati imadwalitsa. Ndimafuna poyambira kukana, koma ndimaona kuti mwavutika nayo." Anayang'ana a Namaliya uko anakhala padothi. "Nanga inu mwakhaliranji kutali choncho? Mbale yanu ili kuti?"

"Ine ndimadya pandekha, mayi."

"Pano ayi. Ine sindinatsike phiri lonse lija kuti ndidzadye ndekha ngati wamndende. Senderani kuno. Ngati nsombayi ndi yabwino, yambani inu, ndione mmene amadyera. Mukadya, nanenso ndidya."

Mayiyo ananena zimenezo ndi mtima wabwino, osadziwa chimene akupempha. Ine ndinkadziwa, Tawina ankadziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma a Namaliya anandiponyera diso limene linanditseka pomwepo. Akanati mlamba amasala, mlendo akanafunsa chifukwa chake, ndipo yankho likanakhala lakuti nthenda ikhoza kudzuka. Mawu amenewo akanakwera nawo phiri.

A Namaliya anadzuka, anakhala pamphasa. Tawina anawathirira madzi akuwayang'ana ndi maso owadandaulira, iwo osamuyang'ana. Anapisa chala chachikulu chija m'mbale, anabenthula nyama ya pamsana, anaiviika mumsuzi, n'kuika mkamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kumeza.

"Ndi yabwino, mayi," anatero. "Idyani."

Mayi Margret anatsina kachidutswa kakang'ono ngati akutola mankhwala, anatsinzina, n'kuponya mkamwa. Tonse tinali maso pa iwo.

"Kafungo ka matope kalipo, ndisakunamizeni," anatero atameza. Anatsinanso kena, kokulirapo. "Koma mafuta akewa! Minga ili kuti? Ine ndimayesa ndi yaminga yokhayokha."

"Ilibe minga yambiri. Pokoma penipeni ndi apa, patsaya."

A Namaliya anakolowola nyama ya patsaya la mutu uja ndipo anafuna kuiika m'mbali mwa mbale, kuti mlendo atole yekha. Mayi Margret sanadikire. Anailandira kuchokera m'dzanja lomwelo, zala zawo zikukhudza tizidutswa tija, n'kudya.

"Zikomo, asewere," anatero.

Mawu amenewo amatchulana anthu amene ana awo akwatirana. Tawina anadzuka n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Ine ndinanamizira utsi, ngakhale moto unali utazima kale. Ndinasangalala, ndipo nthawi yomweyo ndinamva chisoni chachikulu, poganiza kuti mayi wamkulu ngati ameneyu anafika pomera imvi asanadyepo mbale imodzi ndi mayi mnzake.

Anadya mpaka panatsala mafupa. Mlendo anavula juzi ija. Potsazika ananena mosabisa kuti anabweradi ndi mitima iwiri, chifukwa zimene anamva kumtunda zinali zoopsa, koma waona yekha, ndipo ankhoswe atsika mwezi usanathe. A Namaliya anawamangira milamba yowamba papepala. Iwo anati akaidya okha chitseko chili chotseka, abale awo angawathawe.

Alendo atapita ndinawafunsa a Namaliya pampanda, mowaseka.

"Nanga mwauona bwanji mlamba wanu? Si wokoma?"

"Sindinamve kukoma kulikonse, make Mathias. Ndimangomeza."

Ankhoswe anabweradi, tsiku la ukwati linaikidwa, pakhomopo panayamba kumveka kuseka. Ine ndinayesa nkhani yatha. Koma m'mawa wina, Tawina atapita kumjigo, ndinamva dzina langa likuitanidwa monong'ona. Ndinawapeza a Namaliya kubafa kwawo kwa udzu, atavula bulauzi, atafulatira khomo.

"Kumene maso anga amafika ndayang'ana, sindinaone kanthu," anatero. "Kumsanaku ndiye sindingathe. Kale lija inayambira komweko, kabanga kotuwa pansi pa phewa. Tayang'anani bwinobwino. Mukaona kanthu mundiuze ine ndekha. Tawina asamve mpaka ukwati utadutsa."

Ndinafuna kuwakalipira kuti zija ndi nthano, namwino ananena kale. Koma ndinangoyang'ana msana wonse, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Unali msana wa munthu wosenza miono, wakuda bwino, wopanda banga.

"Palibe kanthu, amake Tawina."

"Mwayang'ana bwino?"

Ndinaika chikhatho changa paphewa pawo n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono msana wonse, kuti amve kuti sindikuopa.

"Palibe kanthu," ndinabwereza.

Anapuma mpweya wautali, n'kutola bulauzi yawo.

"Mudzayang'anenso mawa," anatero.

Ndinati ndidzabwera.