Ndinang'amba Pepala Poopa Kudinda Chala

Inu owerenga, ine si munthu wopepesapepesa. Funsani ku Kanyama kuno, akuuzani kuti ndikalankhula pageti panga, amamva ndi a mzere wachitatu. Koma lero ndikuvomera. Ndinalakwira mkazi wanga, ndinalakwiranso amayi ena anayi, ndipo mpaka pano mtima wanga sukhala pansi.

Ndinachoka ku Katete ndili wamphamvu zanga. Ndaumba mabuloko zaka zambirimbiri, ndinagula poloti pamalo okwera, ndinamanga nyumba, ndinakoka magetsi. Zonsezo ndi manja awa. Koma sukulu ndinangoinunkhiza. Dzina langa lenilenili sindinkatha kulemba. Ankadziwa zimenezi ndi amake Tisa okha, mkazi wanga. Ena onse ankangoona bolopeni m'thumba la shati ndi nyuzipepala kukhwapa. Pepala likabwera, ndinkati magalasi ndaiwala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amake Tisa analowa kagulu ka amayi asanu kophunzira kupanga chiponde. Bungwe lina linkawaphunzitsa kuholo ya tchalitchi: kusankha nshawa, kukazinga, kugaya, kuthira m'mabotolo oyera, ngakhale kalankhulidwe ndi eni mashopu. Anaphunzira miyezi inayi osajomba. Ankabwera kunyumba akununkhira nshawa, akuimba. Ine sindinawaletse, musandinamizire. Ndinkadya nawo chiponde chomwecho pabuledi.

Atamaliza, bungwe linati liwapatsa makina ogayira amodzi, akhale a onse asanu. Amayiwo anasankha pakhomo panga, chifukwa madzi a mvula safikapo ndipo magetsi alipo. Panangotsala chimodzi: mwini poloti asaine kuti walola. Amake Tisa anandiuza kudakali mlungu wathunthu. Anatenga khala, nati andionetse pansi pasimenti kalembedwe ka dzina langa, chitseko chili chotseka. Ndinawakalipira. Ine, mwamuna waimvi, kugwada pansi kuti mkazi andigwire dzanja?

Tsiku linafika, Loweruka m'mawa. Anabwera amayi onse atavala zitenje zofanana, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, mayi wamng'ono waulemu. Makina anali pagalimoto panja. Anthu anadzaza pampanda kudzaonerera. Mphunzitsi anandipatsa pepala, ine ndinagwiragwira m'matumba monga mwa masiku onse, n'kunena za magalasi. Iye sanaganize choipa. Anatulutsa kabokosi ka inki nati: "Batate, osavutika. Fakani chabe chala apa."

Pampanda panali ba Mwale, mnzanga wosewera naye nsolo. Anaseka. "Mudala, nanga bolopeni ija ni ya chani? Yokandira m'makutu?"

Inu owerenga, mutu unatentha. Sindinaone mkazi wanga, sindinaone makina, ndinangoona mano a ba Mwale. Ndinang'amba pepala lija pakati, ndinang'ambanso kachiwiri. Ndinakuwa kuti pano m'panga, sindifuna fakitale ya azimayi payadi panga, atenge chitsulo chawocho apite nacho. Amake Tisa sanalire. Anawerama, anatola zidutswa zonse, anazimanga pansonga ya chitenje.

Makina anapita kwa amake Bwalya, mayi wamasiye wokhala kumunsi pafupi ndi ngalande, chifukwa mwa otsalawo ndi iye yekha anali ndi magetsi. Anawaika pamabuloko awiri. Kwa miyezi yochepa ntchito inayenda, mashopu atatu ankatenga chiponde chawo. Ndiye mvula inabwera. Amene mukudziwa Kanyama mukudziwa. Madzi analowa m'nyumba kufika m'mawondo, injini ya makina inamwa matope, inapsa. Okonza anayesa, analephera. Bungwe linali litapita kale kukaphunzitsa kukomboni ina, ndipo makina achiwiri panalibe. Masiku amenewo payadi panga panali pouma, nkhuku zikusamba fumbi.

Amake Bwalya anabwerera kophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Ndikamapita kumsika ndimazungulira njira ina kuti ndisawaone. Amake Tisa anati akupita ku Mtendere kukathandiza Tisa, mwana wathu, amene anali atangochira. Khanda lija tsopano likuthamanga. Iwo sanabwerebe.

Nyumba imene ndinkati yanga ndimangoizungulira. Ndikhala pampando, ndinyamuka, ndipita pageti, ndibwerera. Nsolo ndinasiya. Potsiriza ndinapita kuholo komwe kuja, kumene Lachitatu masana amaphunzitsa akuluakulu kulemba. Wophunzitsa ndi mayi. Anandigwira dzanja pamaso pa anthu, ndipo sindinafe. Palibe ndi mmodzi yemwe anaseka. Mawu mukuwerengawa ndalemba ndekha masabata ambiri, iye wangondikonzera pokhota.

Mwezi watha ndinalemba dzina langa papepala loyera, ndinakwera minibasi mpaka ku Mtendere. Ndinawapeza amake Tisa akusinja nshawa mumtondo, timabotolo tiwiri tili pambali. Ndinawapatsa pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalemba bwino, atate ake Tisa," anatero. "Koma makina anafa."

Anandibwezera pepala, anatenga munsi, anapitiriza kusinja.

Amuna anzanga, makamaka inu a msinkhu wanga, mverani. Mkazi akaphunzira ntchito sanakulandeni kanthu. Akakupemphani malo, mpatseni. Akakupemphani dzina, lembani, ndipo ngati simutha dindani chala, inki imachoka ndi sopo tsiku lomwelo. Chimene simudziwa nenani kuti simudziwa, ngakhale anzanu aseke pampanda. Ba Mwale anaiwala kalekale zimene ananena tsiku lija. Ine pepala la dzina langa lija ndikadali nalo m'thumba la shati, pafupi ndi bolopeni, ndipo palibe amene akulifuna.