Mutu umene unkathawa moto

Kampani imene inapatsidwa ntchito yosintha mapaipi a madzi ochokera mumtsinje wa Kafue kupita ku Lusaka inkalemba munthu pokhapokha atawotcherera paipi pamaso pa woyesa n'kupambana. Satifiketi yakale sinkawerengedwa. Wolephera sankaitanidwanso.

Akulu anga anali mmodzi mwa oitanidwa. Anagwirapo ntchito ya mapaipi ali mnyamata, kenako analowa m'fakitale ina ya ku Kafue konko, mpaka nthawi imene boma linayamba kugulitsa makampani, anthu n'kumachotsedwa ntchito m'magulumagulu. Pochoka anabweza zonse za kampani: ovolosi, nsapato, magolovesi ndi helimeti ya galasi lakuda. Kuyambira pamenepo ankawotcherera pansi pa mtengo, pafupi ndi msika wa ku Nangongwe. Ankapanga mageti, mbaula ndi zitsulo za pawindo, n'kumakonzanso mawilibala. Ine ndinkagona pabalaza pawo, nyuzipepala imene ndinkagwirako ntchito itachepetsa antchito. Nyumba yonse inkayang'ana mayeso amenewa.

Anagula zidutswa za paipi kwa wogulitsa zitsulo zakale kufupi ndi siteshoni ya sitima, anabwereka helimeti kwa mnzawo wopuma ntchito, n'kukokera makina awo owotcherera kuseri kwa nyumba.

Paipi si geti. Zidutswa ziwiri zimasongoledwa m'mphepete ndi galayinda, n'kuziyandikizitsa, kusiya kampata kakang'ono. Mzere woyamba wowotcherera uyenera kulowa mpaka mkati, chifukwa ndi umene umagwira madzi. Paipi yoyeserera imamangidwa chopendekeka ndipo siitembenuzidwa; munthu ndiye amaizungulira, kuyambira pansi ali chogwada. Lodi imodzi, kandodo kachitsulo kamene kamasungunuka powotcherera, siifika kutali, choncho amayatsa moto kangapo asanamalize. Pomaliza woyesa amadula timizere pa paipiyo n'kutipinda. Pamene pali kamphako pamang'ambika.

Paipi yoyamba inaoneka bwino kunja, mzere wosalala ngati msoko wa telala. Ataidula, mkati munali mipata. Akulu anati malodi alowa chinyezi, ndipo alamu anga, akazi awo, anawaumitsa mumphika wakale pambaula. Yachiwiri inatuluka chimodzimodzi. Anati magetsi a ku Nangongwe alibe mphamvu masana. Yachitatu anaiwotcherera m'mawa, anthu asanayatse masitovu. Mipata inalipobe, ndipo mulu wa zidutswa unali utachepa.

Masiku amenewo akulu ankadya nshima mofulumira n'kubwerera ku makina. Ana awo anasiya kusewera kuseri.

Ndinatenga zidutswa zitatu zija n'kuziika pamodzi. Mipata sinali paliponse ayi. Inali pamalo pamene lodi yatsopano inayambira, pokhapo basi. Tsiku lotsatira ndinaima kumbuyo kwawo, osayang'ana moto koma iwo. Anatsitsa helimeti, lodi inakhudza chitsulo, moto unathetheka, ndipo mutu wawo unakhotera kumanzere, n'kubwerera. Kanthawi kake kanali kochepa ngati kuphethira. Lodi yachiwiri, mutu unathawanso.

Chifukwa chake ndinkachidziwa, pakuti ndinkachiona tsiku lililonse kumsika. Wowotcherera wa pansi pa mtengo alibe helimeti, ndipo alibe dzanja logwirira galasi: lina lagwira chitsulo, lina lagwira lodi. Amalunjika, n'kutembenuza nkhope ndi kutsinzina moto ukamayaka. Geti limalola zimenezi. Onse a pamsika paja ankatero, ndipo akulu anali atatero zaka zonse zija.

Kuwauza ndiko kunali kovuta. Ndi amene anandilipirira sukulu, ndipo ntchito yawo sindinaigwirepo.

Anakweza helimeti n'kundipeza ndikuwayang'ana.

"Iwe wamanyuzi, uyangana chani?"

"Palibe, akulu."

"Kamba. Si ndiye nchito yanu, kukamba vinthu vamene simuziba?"

Ndinawauza mwachidule: moto ukayaka, mutu ukuthawa, ndipo lodi ikuyamba yokha popanda maso.

"Ine? Mu helimeti? Nizathaba chani mu helimeti?"

Alamu anali pachingwe, akuyanika zovala. Sanatembenuke n'komwe.

"Imwe atate ake, mulamu akamba zoona. Olo niyasha machisi pafupi na imwe, mumachita so." Anakhotetsa khosi n'kutsinzina, chovala chili m'manja.

Akulu sanaseke. Anavula magolovesi, n'kupita kukakhala pa njerwa pafupi ndi mpanda. Anakhalapo nthawi yaitali, akutembenuzatembenuza chidutswa chimodzi. Atabwera anayesa okha, akulimbitsa khosi mpaka mitsempha kuoneka. Mutu unakhotabe, ndipo ulendo uno anaumva.

"Bwela kuno," anatero. "Unigwile mutu."

Kwathu mng'ono sagwira mutu wa mkulu wake. Ndinazengereza.

"Iwe, mapaipi yasila! Gwila!"

Ndinaima kumbuyo kwawo iwo ali chogwada, n'kuika manja mbali zonse ziwiri za helimeti. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumpanda. Moto utayaka ndinamva mutu ukukankha dzanja langa lamanzere ndi mphamvu imene sindinkaiyembekeza, ngati mbuzi yokana chingwe. Ndinaubweza. Lodi inatha, anaika ina, tinayambanso. Tizitsulo tamoto tinkagwera pamikono panga, koma sindikanatha kusuntha.

Bambo wa nyumba yoyandikana, amene nayenso anachotsedwa ntchito ku fakitale ya nsalu, anasuzumira pampanda.

"Shani ba neba! Mwayamba chalichi? Muchosa viwanda?"

"Nichosa vako," anayankha akulu ali mu helimeti. "Choka apo, uzapya menso."

Tinachita zimenezi masiku angapo pa tizitsulo totsala ta mageti, kuti tisawononge paipi: kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa. Pang'onopang'ono mphamvu ija inayamba kuchepa m'dzanja langa. Nthawi ina ndinamasula manja osawauza, ndipo mutu sunasunthe. Nthawi ina ndinamasulanso, unathawa ngati kale. Mikono yanga inafiira n'kuyamba kusupuka, alamu n'kundipatsa jekete lakale la salaula, zovala za kaunjika zija, kuti ndizivala ngakhale kunkatentha.

Tsiku lomaliza mayeso asanafike kunabwera mayi wina wogulitsa tomato, kasitomala wawo wakale, atakankha wilibala yothyoka mwendo. Inali ntchito yachangu, ndipo m'nyumba munalibe ndiwo. Akulu anagwira mwendowo ndi dzanja lamanzere monga mwa masiku onse, n'kutambasula lamanja kuti atenge lodi. Kenako anasiya.

"Amayi, pelekani kwa uja wa pa kona. Lelo siningakwanise."

"Ah, imwe! Kanthu kang'ono aka?"

"Ndiye kamene kananiononga."

Mayi uja anachoka akung'ung'udza. Alamu analowa m'nyumba.

Panatsala zidutswa ziwiri, zokwanira paipi imodzi. Anazisongola mosamala, n'kuzimanga chopendekeka pa chitsulo chimene anazika pansi. Anandiuza kuti ndikaime kumpanda, manja kumbuyo, ndipo ndisanene kanthu ngakhale nditaona chiyani. Anagwada. Lodi yoyamba inayaka mutu uli chilili. Yachiwiri chimodzimodzi. Atafika m'mbali, pamene munthu amadzuka pang'ono n'kusintha phazi, ndinaona helimeti ikugwedezeka, koma sindinathe kudziwa ngati unali mutu kapena thupi lonse.

Paipi itazizira anaidula. Tinaiyang'ana padzuwa tonse atatu, akulu, alamu ndi ine. Mzere wa mkati unali wathunthu kuzungulira, kupatula malo amodzi m'mbali, pamene panali kadontho kakuda kosakwana njere ya mapira. Akulu anakakanda ndi msomali. Sanathe kunena ngati kanali kamphako kapena litsiro chabe, ndipo panalibe paipi ina yoyeserapo.

Anapukuta galasi la helimeti, n'kuikulunga m'chitenge cha alamu. M'mawa mwake anayenera kukwera minibasi ya ku Lusaka n'kutsikira ku Shimabala, kumene kampani inamanga msasa wake. Kumeneko akapatsidwa paipi imodzi, woyesa akaima pambali, ndipo achibale akatsala kunja kwa geti.