Mlendo m'Nyumba ya Fanizo

Paison anali msuweni wanga, mwana wa azakhali anga a Zelesi, choncho ndili ndi ufulu womunyoza ngakhale ali m'manda. Pachisuweni palibe mlandu. Tili ana akuluakulu ankandiuza kuti, “Sellina, mwamuna wako ndi ameneyu,” ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti sizinatheke. Ndikanavumbwa mvula moyo wanga wonse ndili m'nyumba.

Munthuyu kumanga sankatha. Nyumba yake, kuseri kwa msika wa pa Nsipe, inapendekeka tsiku lomwe anaimata, ndipo denga lake linkangosefa mvula m'malo moitchinga. Mkazi amene anakamutenga ku Mlangeni anapirira dzinja limodzi, lachiwiri anasenza mphika wake n'kubwerera kwawo. Koma pa nkhani yogwetsa, ayi ndithu, Paison analibe mnzake.

Kwathu kuno munthu akamwalira, maliro akatha, adzukulu okumba manda aja amagwetsa nyumba yake. Ena ankalimbana nayo tsiku lonse, thukuta kamukamu. Paison ankangoizungulira, n'kumagogoda chipupa ndi chala ngati akusankha dzungu, kenako n'kudula luzi apa, kuzula mphanda apo. Akatero ankati, “Patukani, agogo akufuna kukhala pansi.” Nyumba inkagwada yokha, anthu n'kuseka misozi ya maliro isanaume.

Nkhondo yachiwiri isanayambe, kunabwera lamulo lochokera ku boma lakuti nyumba iliyonse yopanda munthu, kapena yoti ingagwere anthu, igwetsedwe. Akuti nyumba zotere zimasunga makoswe, njoka ndi nthenda. Kunena zoona lamulolo silinali lopusa kwenikweni. Chipupa cha sitolo ina yosiyidwa chinali chitapha mbuzi pamsika, n'kuthyola mwendo wa bambo wina wa ku Tsangano amene ankagulitsa kachewere mumthunzi wake. Woyendetsa lamuloli anali a Gibson, kapitawo wa zaukhondo, munthu wa kabudula wa khaki ndi mawondo owuma. Ankayenda ndi chidebe cha njereza, ndipo nyumba ikawanyansa ankailemba mtanda woyera pachipupa. Mwezi ukamatha, nyumba ya mtanda inkayenera kukhala ili pansi.

Chimene a ku boma sanachiganizire n'chakuti nyumba zopanda anthuzo zambiri zinali za matchona, amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Kwa ife, kugwetsa nyumba ya munthu ndiko kunena kuti mwini wake wafa. Panalibe amene anafuna kuikhudza, ngakhale atamuopseza ndi ndende. A Gibson anafunsafunsa mpaka anamva za Paison, ndipo chitsiru changacho chinavomera chisanamve n'komwe mawu onse.

“Iwe, sukuopa?” ndinamufunsa. “Eni akewo ali moyo.”

“Moyo wa munthu sukhala m'dothi, mkazi wanga,” anatero. “Ngati ali moyo abwere adzamange ina. Manja anapita nawo.”

Ankagwetsa akuimba mluzu, amayi a eni nyumba akulira pambali. Zinkandinyansa kwabasi, ndipo ndinamuuza pamaso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iye anati mawalo likafika ndidzamudzutse.

Linafika. Paison anali ndi mng'ono wake, Fanizo, amene anatenga luso lonse la pabanjapo n'kumusiyira mkulu wake pakamwa pokha. Fanizo anamanga nyumba ya ngodya zinayi, ya khonde ndi chipinda chamkati, m'mbali mwa njira yopita kuchitsime. Kenako anapita ku Halale kukafuna njinga, ndipo kuyambira pamenepo kunangoti zii. Mkazi wake anadikira mpaka amalume ake anabwera kudzamutenga. Nyumba yosasonkhamo moto sichedwa kutha: chiswe chinalowa m'nsichi, udzu unawola, chipupa chakumbuyo chinayamba kusuzumira panjira. M'mawa wina tinapeza mtanda woyera.

Tsiku logwetsa, Paison anafika nkhwangwa ili paphewa, a Gibson ali pambuyo. Anapeza azakhali atayala mphasa pakhomo penipeni, akusenda nyemba ngati palibe chikuchitika.

“Amayi, tachokanipo,” anatero Paison. “Chipupachi chatha. Mvula yoyamba chigwera ana opita kumadzi.”

“Gwetsa, mwana wanga,” anayankha azakhali osadzutsa mutu. “Koma uyambe wandiuza tsiku limene mng'ono wako anamwalira, kuti ndimete. Iwe si mdzukulu? Manda ake unakumba kuti? Kandionetse.”

Ine ndinalipo. Paison anazungulira nyumba ija monga mwa chizolowezi chake, akugogoda, koma mluzu sunatuluke. Atabwerera pakhomo anatula nkhwangwa.

“A Gibson, lamulo lanuli likuti bwanji kwenikweni?”

“Yopanda munthu, kapena yoti igwa.”

“Munthu ndiye ndi ine pano. Zakugwazo tikambirana.”

Anasamukira m'nyumba ya Fanizo tsiku lomwelo, katundu wake yense m'dzanja limodzi. Nyumba yake ija inasanduka khola la mbuzi, ndipo za makola lamulo silinanene. Kenako tinaona zodabwitsa: Paison akumanga. Anachirikiza chipupa chija ndi mphanda zambirimbiri mpaka nyumba inaoneka ngati bongololo. Anthu opita kumsika ankapatuka kudzaseka, ine ndili patsogolo. A Gibson sanali munthu wopusitsika. Anabwera, anakankha chipupa ndi phewa, anaona chikugwedezeka, n'kulembanso mtanda wina wokulirapo.

“Utsi ndauona, a Paison, koma utsi sugwira chipupa. Ana akudutsa apa ndi anu omwe.”

Paison anadziwa kuti akunena zoona, pajatu kufooka kwa nyumba ankakudziwa kuposa wina aliyense. Anatseka njira ija ndi minga, anagumula chipupa cha mtandacho chokha, pang'onopang'ono ndi manja, denga litatsamira pamphanda. Anazika nsichi zatsopano n'kumata. Chinatuluka chokhota ngati mwendo wa galu, koma a Gibson atachikankha sichinagwedezeke. Chaka chotsatira mtanda unagwera chipupa china, nachonso anachita chimodzimodzi. Kenako mapaso, kenako khonde. Udzu ndinkamumwetera ndine, ndikumutukwana njira yonse yochokera kudambo.

Patapita zaka a Gibson anaima panjira, chidebe chili m'manja, n'kupukusa mutu.

“A Paison, nyumba imene ndinalemba poyamba ija kulibenso. Mwaigwetsa ndithu, kungoti mwachita mobisa.”

“Munamva kugwa?” anafunsa Paison. “Fumbi munaliona?”

A Gibson anaseka mpaka njereza inatayikira pamawondo awo. Ntchito yogwetsera boma Paison anali ataisiya kalekale. Ankagwetsa za akufa zokha, amene manda awo anakumba yekha. Sindinganene kuti amayi onse aja anamukhululukira. Ena anafa osamupatsa moni, ndipo iye sanadandaule, ankati akanakhala iwo akanamuthira madzi otentha.

Azakhali anamwalira m'chaka cha njala, osametera Fanizo. Titaika maliro ndinamuuza Paison kuti basi tsopano, amene ankamuopa wapita, abwerere kunyumba kwake. Anati wazolowera kugona osavumbwa. Limenelo linali bodza la msuweni, ndinaliona. Zaka zonsezo munthuyu ankagona pamphasa pafupi ndi chitseko, ngati mlendo wodikira kuti kuche. Chipinda chamkati ankachisesa n'kuchitseka. Basi yochokera kumwera ikaima pamsewu ankathamangirako, akuti kukaona matayala.

Chifuwa chinamugwira nyengo yozizira, mphepo ya kumapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinkamuphikira phala, iye n'kumati ndathira mchere wambiri dala kuti ndilowe chuma chake. Masana ena ndinamupeza atakwawa mpaka pakhomo, akupuma movutika, dzanja lili pachiwundo cha chitseko.

“Sellina, itana anthu andinyamule.”

“Kupita kuti, wamisala iwe?”

“Kwanga. Ndikafera muno agwetsa. Anyamata aja ndikuwadziwa, ndinawaphunzitsa ndine.”

Ndinamukalipira, ndinalira, ndinamuuza kuti m'nyumba yakeyo mukugona mbuzi za eni ake ndipo denga linatsala theka. Sanamve. Ndinaitana amuna anga ndi anansi, tinapirikitsa mbuzi, tinasesa, n'kumugoneka pakona pamene panatsala kaudzu. Anayang'ana kumwamba, mitambo ikuoneka bwinobwino, n'kumwetulira.

“Ukawauze a Gibson adzaone. Mpweya wabwino umene ankaufuna uja ndi umenewu.”

Sanachedwe. Maliro atatha adzukulu anabwera kudzagwetsa nyumba imene anaferamo, ndipo ntchito inawachepera. Mmodzi anangotsamira chipupa pofuna kuvula malaya, nyumba yonse n'kukhala pansi. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, koma mtima unkandipweteka kwambiri, chifukwa wonena kuti “patukani” panalibe.

Mwezi usanathe a Gibson anatulukira panjira ya kuchitsime, atakalamba, chidebe chawo chomwe chija. Anayang'ana zipupa zokhotazo, anayang'ana utsi ukutuluka m'denga, kenako anandiona ine ndili pakhonde.

“Mayi, muno mukukhala ndani tsopano?”

“Mlendo,” ndinatero. “Mwini wake anachokapo pang'ono.”

Anakankha chipupa ndi phewa, mwamwambo chabe, n'kupitiriza ulendo wawo.

Ndimasonkhamo moto m'mawa uliwonse, ndipo chaka chino ndafolera ndekha mbali ya kumvula. Amuna anga amati ndakwatiwa ndi msuweni wanga pomaliza, munthu atafa kale. Anene zimenezo. Za Fanizo sitinamvebe kanthu. Ine ndinameta kamodzi kokha, kumetera Paison, ndipo tsitsilo linamera kale.