Salsa ya ku Pollokshields inandilanditsa mwana

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu: ulendo wa ku Glasgow ndinaufuna ndekha. Achibale amadziwa zoti anandikakamiza ndi amuna anga, a Wanangwa, ntchito yawo itatha, ndipo ine ndimangovomera. Koma amene anayamba kufufuza za ntchito yosamalira okalamba ndine, mwana wanga Tawonga ali kumbuyo. Satifiketi yanga ya kukoleji inkangodyedwa ndi mphemvu, ndipo nyumba ya ku Area 25 inkandipanikiza. Mwanayo anali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya m'manja mwa apongozi anga, a NyaJere, mtima uli m'malo, chifukwa kwathu ku Mulanje mwana ndi wa mayi, kaya akulire kwa yani. Sindinaganizire zoti a Wanangwa kwawo ndi ku Mzimba, ndiponso kuti ng'ombe za malowolo amalume anga analandira n'kugulitsa.

Ku Springburn, dera la mu Glasgow limene ndinkakhala, moyo unali chipinda chonunkha chinyezi, basi ya m'mawa, ndi kusambitsa agogo amene ankandiitana mayina a ana awo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Foni ikalira, nkhani inali simenti kapena malata. Ndikati ndiyankhule ndi mwana, ankati wagona, mwina wapita kosewera. Ine ndinkangoti basi wadwala malungo, akundibisira. Mpaka pano mtima wanga sudziwa kukhala pansi.

Marisol, mnzanga wa kuntchito wochokera ku Colombia, anandipeza ndikulira m'chipinda chochapira zovala. "Loweruka masana ubwere," anatero. "Ukakalirira kumeneko palibe adzamve, ng'oma zake n'zaphokoso."

Inali holo ina ku Pollokshields, mu Glasgow momwemo, kumene ankavina salsa. Munali anthu a ku Colombia, Cuba ndi Venezuela, ana akukwawa pansi pa matebulo, mapoto a mpunga ali pakona. Salsa ndi gule wa awiriawiri: mwamuna amakugwira dzanja, dzanja lake linalo n'kuliika kumsana kwako. Anandiphunzitsa anali a Hernando, amalume ake a Marisol, bambo waimvi wovutika bondo, amene ankanunkhira mankhwala opaka a nyamakazi. "Usayang'ane pansi, mwana wanga, palibe chimene wagwetsa," ankatero.

Kenaka kunabwera mtsikana wa kamera. Makolo ake anali a ku Venezuela koma iye anabadwira ku Glasgow komweko, Chisipanishi chake chodukaduka. Ankajambula filimu yofufuza chimene chimachititsa munthu kukhalabe Mlatino, kutanthauza wa ku Latin America, atakulira m'mvula ya ku Scotland. Anajambula a Hernando akulephera kumaliza mawu pofotokoza za msewu wa kwawo umene anavinamo ali mnyamata. Ine anandifunsa ngati ndikulola kuoneka. Ndinalola. Ndinkati filimu ya anthu a eni, ndani angaione ku Area 25?

Anaiona Mayi Gondwe, a kutchalitchi kwathu ku Springburn, poti mwana wawo ankaphunzira ndi mtsikana uja. Anajambulako kachidutswa pafoni: ine ndikuseka, dzanja la a Hernando lili kumsana kwanga. Lamlungu anandipatsa moni bwinobwino. "Mwanenepatu, mayi a Tawonga. Gule akukuyanjani." Sabata yomweyo kachidutswako kanafika ku Area 25, ndipo a Wanangwa anasiya kuyankha foni zanga. Ndalama zokha ndiye ankalandirabe.

Ndinabwerera ku Lilongwe ankhoswe atandiitana. Banja ndinali nditalitaya kale mumtima. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kuti a Wanangwa avomere Tawonga apite nane. Tinakhala pakhonde la nyumba imene ndinamanga ndi msana wanga, ine pamkeka. Ndinafotokoza kuti bambo aja ndi msinkhu wa bambo anga, kuti kunali masana, ana ali pomwepo, kuti anthuwo amavina choncho pokumbukira kwawo.

"Iwo amakumbukira kwawo," inatero nkhoswe ya kuchimuna. "Nanga inu mumakumbukira kuti?"

Ndinayang'ana amalume anga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Ng'ombe zobweza analibe.

Nkhoswe ija inati ngati ndionetse kulapa, za mwana zikhoza kukambidwa. Pamenepo mlamu wanga Towera, mchemwali wa a Wanangwa, anakuwa akuyang'ana m'nyumba. "Tawonga, tabwera udzaonetse alendo gule wa amayi ako."

Anatuluka, wazaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo atachoka. M'mawa umenewo anali atandipatsa moni atagwada patali, ngati mlendo. Anatenga tsache lalitali n'kulikumbatira. Towera anayatsa kachidutswa kaja pafoni. Anthu anayamba kuseka mwana asanasunthe phazi, ndipo apo ndinadziwa kuti sikanali koyamba. Pambuyo pake ndinamva kuti ankavinira mlendo aliyense wofika pakhomopo, n'kupatsidwa siwiti. Nthawi yonse imene ine ndinkaopa malungo, mwana wanga anali bwinobwino, akuvinira anthu kuti andiseke.

Iye sankadziwa. Ankavina ndi mtima wonse, lilime lili panja, akuzungulira ndi tsache lake mosaphonya. Nyimbo itatha anaima, akupuma mofulumira, n'kuyang'ana ine ndekha.

Ndinadziwa chimene khonde lonse linkadikira. Ndilire, ndigwade, ndimukalipire mwanayo kuti ataye tsachelo, asadzavinenso zonyansa. Kumeneko ndiye kukanakhala kulapa. Mawu ake ndinali nawo pakamwa.

Ndinaomba m'manja. "Wavina bwino, mwana wanga," ndinatero. "Wandiposa ndi ine ndemwe."

Anataya tsache, n'kuthamanga kudzabisa nkhope m'chitenje changa. Mutu wake unkanunkhira sopo wachilendo.

"Mwadzionera nokha," anatero a NyaJere, osakweza mawu. "Ndiye mukuti timupatse mwana ameneyu?"

Mlandu unathera pomwepo. Towera ndi amene anadzamuchotsa pamiyendo panga.

Pano ndikukhala kwa mchemwali wanga ku Kawale. Tsiku la tikiti yobwerera linadutsa, ndipo ntchito ija anapatsa wina. Tawonga ndimamuona Lamlungu masana, Towera atakhala pomwepo akusenda mtedza. Amalume akuti ndinataya mwana chifukwa cha matama, kuti kukalipira kamodzi sikupha munthu, mwanayo akanaiwala ndege isanatere. Mwina akunena zoona. Inu amene muli ndi ana, ndiuzeni: mwana wanu atakuvinirani choncho, n'kukuyang'anani, mukanatani? Kodi ndinalakwa?