Dzanja Lodyera

Ndinachoka kwathu ku Ngokwe kukakwatira ku Utale, ndipo monga mkamwini aliyense ndinamanga nyumba pamene anandilozera. Wolozayo anali mchimwene wake wa mkazi wanga, alamu anga, mwini mbumba wa pakhomopo. Munda umene tinkalima anatidulira ndi iwo. Mwana akadwala, ankayamba kuuzidwa ndi iwo. Ine ntchito yanga inali yokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kufupi ndi njanji, ndipo pakhomo ndinkadziwa malire a pakamwa panga.

Alamuwo anali ndi galu wofiirira, wamkulu mutu, amene ankalondera khola la mbuzi. Sanali galu wouwa ayi. Ankangokuyang'ana ali chigonere, iwe n'kumaganiza kuti wadutsa bwino, kenaka umangomva wakugwira. Anali atang'amba kale mwendo wa bambo wina wogulitsa usipa, ndipo nkhani ija inathera pa kuseka. Tsiku lina ndinalimba mtima.

“Alamu, galuyu mukanamamumanga masana. Pano pali ana.”

“Inu a ku mzikiti mumadana ndi agalu chibadwire,” anatero akusenda chinangwa. “Akanakhala nkhosa bwenzi mukumusisita.”

Onse amene anali pamkeka anaseka, ine ndinasekanso pang'ono kuti zithe. N'zoona, galu sindimukonda. Akandinyambita chovala ndimayenera kuchichapa ndisanaswali. Komanso abale a mkazi wanga anali asanaiwale kuti mlongo wawo anasiya tchalitchi n'kunditsatira ine, choncho chilichonse chimene ndinganene chinkamveka ngati cha ku mzikiti. Koma tsiku limenelo sindinkanena za chipembedzo, ndinkanena za mano.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali mu Sitandade 3. Anali wolongolola ngati amake, wokonda kulemba dzina lake paliponse, pakhoma, pansi, ngakhale pa mpando wa njinga za anthu. Masana ena mu Januwale amake anamutuma kukabweza sefa kwa amalume ake. Galu anali atagona pakhomo la khitchini. Mwana anatambasula dzanja kuti akoleke sefa ija pamsomali, galu n'kumugwira pamkono, pamene dzanja limapindikira, ndipo sanangoluma n'kusiya. Anagwedeza mutu monga achitira akagwira gologolo.

Anthu anabwera kudzandiitana kumtengo kuja ndili ndi tcheni m'manja. Nditafika ndinapeza amake atakulunga dzanjalo m'chitenje, chitenjecho chitanyowa chonse. Mwanayo sankalira n'komwe. Ankangondiyang'ana n'kumati, “Ababa, zala sizikumva.” Linali dzanja lamanja.

Kuchipatala chaching'ono anatsuka bala n'kutitumiza ku Balaka. Kumeneko anasoka, anayamba jakisoni wa chiwewe, ndipo adokotala anandiitanira pambali. Anati mitsempha yoyendetsa zala yaduka, ndipo ikufunika kulumikizidwa ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Anati opaleshoniyo ndi yaulere, ine ndingopeza thiransipoti ndi chakudya cha womudikirira, koma ndisachedwe, chifukwa mtsempha woduka umafupika ngati lamba wosiyidwa padzuwa. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Palibe amene anganene kuti sindinauzidwe.

Koma inali Januwale. Nkhokwe inali mbee, anthu ankakankha njinga zakufa m'malo mozikonzetsa. Maulendo a jakisoni ku Balaka anadya njinga yanga, kenaka pampu, kenaka masipanala abwino onse. Pamene jakisoni ankatha, ndinali wokonza njinga wopanda chokonzera. Ndinaimbira abale anga ku Ngokwe, iwonso anali akudya kamodzi patsiku. Munthu yekhayo pakhomopo amene anali ndi chinthu chogulitsika anali mwini galu.

Akuluakulu a pamudzi anatiitanitsa pansi pa mtengo wa mango kwa alamu. Ankhoswe anga anali kutali, choncho ndinakhala ndekha pa njerwa, kumapeto. Ndisaname, alamu sanakane mlandu. Anavula chipewa, anati galu ndi wawo, mwana ndi wawo, mtima ukuwawawa. Anati apereka mbuzi yathazi ya chipepeso. Anthu anaomba m'manja, ine mtima unagwa pansi, ndinayamba kale kuganiza za munthu wa butchala amene angaigule mawa lomwelo.

Kenaka mkulu wina anafunsa funso limene aliyense ankadziwa yankho lake kupatula ine.

“Nanga wolandira ndani?”

“Mwana ndi wa mbumba,” anayankha wina. “Chipepeso cha mwana amalandira ndi mwini mbumba.”

Ndiye alamu anadzuka, analowa m'khola, anatulutsa mbuzi yakuda yamawanga, anaionetsa kwa anthu monga wolakwa. Atatero anaimanga kansalu kofiira m'khosi, n'kuibwezera m'khola momwemo monga wolandira. Mbuzi ija inayenda ulendo wochoka pakhomo la khola kufika pamtengo wa mango ndi kubwerera, ndipo mlandu wa dzanja la mwana wanga unathera pomwepo. Amayi ena analuluta.

Ndinadikira kuti anthu abalalike, ndinawatsatira alamu kuseri.

“Alamu, zikomo kwambiri. Mbuzi ija tiigulitse, mwana apite ku Blantyre.”

“Iyayi, alamu, musapupulume. Ili ndi bere imeneyo. Mukufuna kugulitsa mbuzi ziwiri pamtengo wa imodzi? Chimenechi ndi chuma cha mwanayu, ine ndikumusungira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Adokotala anati tisachedwe.”

“Madokotala amaopseza. Bala lija ndaliona, likupola bwino. Zalazo zidzuka zokha, muzingozithowa ndi madzi otentha.”

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti munthuyo sankanama. Ankakhulupiriradi kuti akuchita zabwino. Ankamugulira mwanayo mandasi, ankamunyamula pamiyendo. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, chifukwa woipa umadziwa pomugwira.

Mnzanga wina wa kabaza anandinyamula ulele mpaka ku Balaka, anati kuli ofesi ina kumene amathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo. Ndinapeza mayi wina wachitsikana, wa magalasi, amene anandipatsa mpando n'kundimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kuyambira pamene ndinakwatira, palibe amene anandimvetserapo choncho. Anandiuza kuti lamulo lili kumbali yanga. Mwini galu amene akudziwa kuti galu wake amaluma, n'kumusiya osamanga, ayenera kulipira zonse, maulendo a kuchipatala, ululu umene mwana wamva, ngakhale kulumala ngati kungabwere. Anati pamaso pa khoti bambo ndi bambo, kaya ndi mkamwini kaya ndi ndani, ndipo ndingathe kusuma m'malo mwa mwana wanga. Anati mbuzi yokhala m'khola la wolakwa si chipepeso.

Ndinafuna kulira pamaso pa mwana wa eni. Ndinafunsa kuti zimenezi zingatenge nthawi yaitali bwanji. Anavula magalasi aja, anati sanganame, milandu yotere imayenda pang'onopang'ono, mwina miyezi. Anati padzafunika mboni yoona ndi maso, ndipo amene anathamangira pamalopo galu asanasiye dzanja anali amake a mwana.

“Bambo, mlandu suola,” anatero. “Koma mwanayo mupite naye kaye kuchipatala, musadikire khoti.”

Ndinathokoza. Sindinamuuze kuti chimene ndinkafunira khotilo n'chakuti ndipeze ndalama yopitira kuchipatalako.

Madzulo ake ndinamufotokozera mkazi wanga zonse, tili kuseri kwa nyumba, iye akutsuka mapoto. Anamvetsera osatukula mutu.

“Ndiye mukufuna ine ndikaime kukhoti, ndikaloze achimwene anga chala?”

“Ndikufuna ukanene zimene unaona.”

“Tikabwerako tidzalima kuti? Nyumbayi ili pamalo a ndani? Inu mukhoza kunyamula chikwama n'kubwerera ku Ngokwe. Ine ndi anawa tipita kuti?”

“Nanga dzanja la mwana?”

Anasiya poto, analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anati apita yekha akawapemphe achimwene ake. Anapitadi, kangapo konse, anagwada pakhonde. Nthawi zonse ankabwerako ndi yankho lomwelo, kuti mbuzi ibereke kaye, ndiponso ndi funso lakuti kodi mwamuna wakoyo wayamba liti kuyenda m'maofesi kukaneneza eni mudzi. Nkhani ya ulendo wanga wa ku Balaka inali itafika kale. Anthu anasiya kundipatsa moni wa m'mawa. Apongozi anga aakazi ananditumizira mawu kudzera mwa mkazi wanga kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mlendo asabwere ndi nkhwangwa.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyo wanga sunaphule kanthu. Ndinaganiza zolowa m'khola n'kuitulutsa ndekha mbuziyo, koma ndinadziwa kuti wogula aliyense wa m'deralo akaizindikira, ndipo amene akagone kupolisi ndi ine, bambo wakuba mbuzi ya mwana wake. Ndinayamba maganyu opalira m'minda ya anthu, koma malipiro ake anali ufa wa tsiku limenelo. Madzulo ndinkathowa zala zija ndi madzi otentha monga ananenera alamu, poti panalibe china chochita. Zinkapindikira m'kati pang'onopang'ono ngati phazi la nkhuku yophedwa. Mwanayo ankandifunsa ngati mawa zidzuke, ine ndinkati Mulungu akalola.

Galu uja anamumanga kwa masabata ochepa. Kenaka anati akulira kwambiri, akusowetsa anthu tulo, n'kumumasula.

Mbuzi inabereka pamene chimanga chinayamba kuuma, koma sindinapitenso kukapempha. Ine ndinali nditakolola kanga kochepa, ndinagulitsa theka lake osauza munthu, ndipo ndinanyamuka ndi mwana kupita ku Blantyre. Adokotala a kumeneko anali bambo wodekha. Anatenga dzanja lija, anayesa kuwongola chala chimodzichimodzi, mwana akuluma mlomo. Anafunsa kuti zinachitika liti. Nditawauza, anati, “Munali kuti nthawi yonseyi, bambo?”

Ndikanayankha chiyani? Kuti ndinkadikira mbuzi ibereke? Ndinangoyang'ana pansi ngati munthu wosasamala za mwana wake, ndipo ndikudziwa kuti ndi mmene anandionera. Anati mitsempha yafupika kale ndipo mfundo za zala zauma. Akhoza kuyesa, koma ndisayembekezere kuti dzanjalo lidzagwiranso cholembera. Anayesadi. Tinakhala m'chipatala mpaka chimanga chotsala chija chinatha, ndipo chimene tinapindula n'chakuti chala chachikulu chimagwedezeka pang'ono.

Titabwerera ku Utale, alamu anatichingamira ndi nkhope yowala. Anamugwira mwana paphewa, anapita naye kukhola, anamuonetsa tiana tiwiri ta mbuzi tikudumphadumpha.

“Waona, mphwanga? Ukanamvera bambo akowa bwenzi ulibe kanthu. Tsopano uli ndi zitatu.”

Anatembenukira kwa ine, anati ngati ndikufunabe, imodzi ikhoza kugulitsidwa tsopano. Ndinangotembenuka n'kumapita kunyumba. Ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo, ukwati wanga ukanathera pakhola pomwepo.

Kukhoti sindinapite. Mayi wa magalasi uja ndinakumana naye kamodzi mumsika wa Balaka, anandikumbukira, anati mlandu ukadalipo, ndipo tsopano ndi waukulu kuposa kale chifukwa mwana walumala. Ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma mboni yanga imagona pambali panga, ndipo wosumiridwayo ndi amene adzakhale kutsogolo tsiku limene mwana yemweyu adzakwatiwe. Ufulu ndili nawo, anandiuza momveka bwino. Ndimayenda nawo ngati kiyi wa nyumba imene inagwa.

Mwanayo anaphunzira kulemba ndi kumanzere, zilembo zopendekera zimene aphunzitsi amadandaula nazo. Kulongolola kuja kunachepa. Akamapatsa moni akuluakulu amabisa dzanja lamanja m'chitenje, ndipo amene sakumudziwa amati ndi mwana wamwano.

Chaka chotsatira pa Idi ndinapita naye kwathu ku Ngokwe kuti akaone abale. Titachoka koswali, anaika mpunga ndi nyama m'thireyi lalikulu pakhonde, ana onse aakazi n'kuzungulira. Ine ndinali ndi amuna chapatali pang'ono, koma ndinkamuona. Anadikira anzake ayambe, kenaka anatambasula dzanja lamanzere mwakachetechete. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene sankadziwa kanthu, anamumenya kambama padzanjapo.

“Iwe! Dzanja lakuchimbudzi m'mbale ya anthu? Kwanuko sakuphunzitsani?”

Ndinadzuka kuti ndikafotokoze, koma mwana wanga anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono kuti ndisabwere. Anatulutsa dzanja lamanja m'chitenje, analiika mumpunga, anayesa kukokera ndi chala chachikulu chija. Mpunga unafika pamphepete pa thireyi n'kugwera pamkeka. Anayesanso, unagweranso. Ana anzake anasiya kudya n'kumayang'ana.

Anapukuta dzanjalo pachitenje, anati, “Zikomo, ndakhuta,” ndipo anapita kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka mbale zitachotsedwa.