Mbalame m'Jekete la Akulu a Mpingo

Amuna anga anayamba kuyang'ana mbalame titakhazikika kale ku Sheffield, ku Mangalande, ndipo poyamba zinkandinyansa. Ine ndinabwera kuno ngati namwino, iwo anabwera pambuyo ndi ana. Kumudzi anali mlangizi wa zaulimi, munthu woti akaimirira pamsonkhano anthu ankasiya kutafuna nzimbe n'kumamvetsera. Kuno anapeza ntchito yonyamula makatoni ku Rotherham. Ntchitoyo sankadandaula nayo, koma mawu anawathera. Kutchalitchi kwathu, komwe Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timasonkhana masana a Lamulungu muholo yobwereka, ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Abambo akamakambirana zinthu, palibe ankawafunsa maganizo, ndipo iwonso sankadziponyapo. Zimenezi zinkandipweteka, chifukwa munthu amene ndinakwatiwa naye ndinkamudziwa, koma anthu awa sankamudziwa.

Anawakopera ku mbalame ndi nkhalamba ina yachizungu yoyandikana nafe nyumba, yomwe inapuma ntchito kufakitale ya zitsulo. Masamba akayamba kuyoyoka, cha mu Okutobala, awiriwa ankanyamuka m'mamawa pagalimoto ya nkhalambayo kupita kugombe la kum'mawa, pamalo pomwe mtunda umalowa m'nyanja ngati mphuno. Ankabwerako madzulo nsapato zili matope okhaokha, m'manja mulibe kanthu.

"Ulendo wonsewu osabwera ndi kansomba komwe?" ndinkawafunsa.

"Mayi a ana, lero zadutsa zambiri," ankayankha choncho uku akumwetulira, ngati mbalamezo zawasiyira kanthu.

Nkhani siikhalitsa m'nyumba, inafika kutchalitchi. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi wina wapakamwa, yemwe amasamalira okalamba ku Rotherham, anandifunsa pagulu kuti, "Asisi, zoona bambo a kwanu amakwera galimoto kukayang'ana mbalame, osaigenda n'komwe? Akudwala kapena ndi stress?" Ndinamuyankha zoti sindingazilembe pano.

Tsono ife Amalawi ulendo sukhala wa munthu mmodzi. Ukangonena kuti ukupita kunyanja, wina amati ndikuperekezeni, winanso amati nanga ine, mawa lake pali kale komiti ya chakudya. Lamulungu lina akulu a mpingo, bambo aimvi omwe tonse timawapatsa ulemu ngati kholo lathu kuno kuchilendo, analengeza kuti Loweruka tonse tikupita kukaona zimene m'bale wathu amakaonazo. Analengeza akuseka, mpingo nawo ukuseka. Amuna anga anaimirira kumbuyo kuja n'kupempha kuti anthu avale zofunda, nsapato zoyendera m'matope ndi zovala zosawala. Mawu awo anamira m'phokoso la amayi omwe ankagawana kale kuti ndani aphike mpunga.

Loweruka lija minibasi inadzaza ngati tikupita kuchinkhoswe. Amayi zitenje zatsopano ndi nsapato zagogoda, abambo masuti ndi mataye, kumbuyo mapoto a mpunga, nkhuku yokazinga, mandasi ndi sipika yaikulu. Inenso musandione, ndinavala duku langa lofiira lomwe limaonekera kutsidya kwa msewu. Nkhalamba yachizungu ija inatsogola pagalimoto yake, ife tikuimba m'mbuyo njira yonse.

Titatsika, mphepo inatilandira ndi makofi. Kumapeto kwa mtunda, pamwamba pa phompho loyang'ana m'nyanja, kunali mzere wa anthu atakhala chete pamipando yopinda, aliyense diso lili pachoonera patali cha miyendo itatu. Ife n'kuyamba kuwapatsa moni mmodzimmodzi, poti munthu sungamudutse ngati chitsa. Ena anayankha ndi mutu, ena anangokweza dzanja osachotsa diso. Mwa apo ndi apo wina ankatchula mtundu wa mbalame ndi komwe ikulowera, onse n'kutembenuzira zoonera zawo komweko.

Mbalame zinalipo, zimenezo sindingakane. Zazikulu zoyera za nsonga zakuda kumapiko zinkadutsa motsatana pamwamba pa mafunde, zina n'kupinda mapiko n'kudziponya m'madzi chamutu. Kunalinso tina takuda touluka mofulumira pafupi ndi madzi, tonse tikulowera kum'mwera. Koma anthu athu ankanjenjemera, zidendene za nsapato zikumira muudzu.

"Ndi zomwezi basi?" anatero mayi wapakamwa uja, n'kuyatsa sipika kuti tiimbeko kolasi titenthedwe.

Ndinayang'ana amuna anga. Anaima pakati, uku anzawo a mbalame, uku ife, manja ali m'matumba. Manyazi awo ndinawamva m'thupi mwanga.

Apa ndi pomwe inafika mbalame ina kuchokera kunyanja, yabulauni, yonenepa ngati nkhwali koma ya mlomo wautali. Inkauluka movutikira, inangokwera phompho lija n'kugwera muudzu pafupi ndi mapazi a akulu a mpingo. Bambo aja anakulira ku Ntcheu, legeni ili m'khosi. Thupi linakumbuka lokha. Tisanaphethire n'komwe anali atavula jekete la suti n'kuivundikira, n'kuinyamula ataikulunga, mlomo wokha uli kunja.

"Ndiwo zadzibweretsa zokha!" anafuula. Amayi anaimba nthungululu, abambo akuomba m'manja. Kunena zoona, kugwira kwake kunali kwaluso.

Koma mzere uja wonse unali utatembenuka. Mayi wina wachizungu anaimirira nkhope ili psuu, foni ili kale m'manja. Nkhalamba yoyandikana nafe inangoyang'ana amuna anga. Ndinaona bwinobwino pomwe panafika nkhani. Akakhala chete, kuno sadzabweranso, ndipo ndi malo okhawo omwe ankachokako akumwetulira. Akadzudzula akulu a mpingo pagulu, pamaso pa azungu, ndiye kuti kwathu kutchalitchi adzitsekera khomo, poti wamkulu sakalipiridwa ana akuona.

Amuna anga anatulutsa manja m'matumba. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa bambo aja, n'kugwada bondo limodzi paudzu wonyowawo, n'kuomba m'manja mwakachetechete monga timachitira kwathu pofuna kulankhula ndi wamkulu. Nthungululu zinazima. Wina anathimitsa sipika.

"Bambo, pepani, ndili ndi mawu."

"Nenani, mwana wanga."

"Mwagwira bwino, mkono wanu sunakalambe. Koma mbalameyi sinagwe chifukwa chopusa ayi. Yachokera kumaiko ozizira kutsidya uko, yawoloka nyanja yonseyi osatera paliponse, poti palibe potera. Pano ndi pamtunda poyamba pomwe yapeza. Tayikani chala pachifuwa pake mumve."

Bambo aja analowetsa dzanja m'jekete.

"Mtima ukugunda kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Ndipo ndi mafupa okhaokha."

"Ndi mlendo, bambo, wangofika kumene ndipo watopa. Wafikira pamapazi anu, ndiye sindingakulandeni. Ndikungopempha kuti mumuperekeze ndinu kokapuma."

Ine ndinali nditagwira pakamwa. Mawu amenewo, osakwera osatsika, ndinali nditawasowa zaka. Ndi mawu omwe ankakhazika pansi alimi okwiya chifukwa cha mbewu yochedwa.

Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Bambo aja anayang'ana gulu lathu, anayang'ana mzere wa azungu, kenako anati, "Dzukani, mwanyowa. Tikamugoneke kuti mlendoyu?"

Anapita awiri, amuna anga patsogolo, bambo aja pambuyo atafungatira jekete ngati khanda. Kuseri kwa kachitunda kunali zitsamba zaminga zotchinga mphepo. Kumeneko anagwada onse, n'kutambasula jekete. Mbalame ija inakhala kaye duu, kenako inayenda n'kulowa pansi pa minga. Jekete linabwerako litadetsedwa ndi zitosi kumsana konse, ndipo bambo aja analivala choncho, akuti mlendo wasiya zikomo.

Kuchokera pamenepo tsiku linatembenuka. Anthu athu anazungulira amuna anga ndi mafunso. Zimadziwa bwanji njira? Zimagona kuti? Zoyera zija zikupita kuti? Iwo ankayankha zomwe ankadziwa, zomwe sankadziwa ankati tifunse anzathuwa, n'kuitana nkhalamba ija. Anauza amayi kuti achoke m'mphepete mwa zitsamba chifukwa muli timbalame tina totopa, amayi n'kuchokadi osawiringula. Azungu ena anatipatsa mpata kuti tisuzumire m'zoonera zawo, ife tinawapatsa mandasi, ndipo palibe anakana. Atsekwe atatulukira kumpoto ali pamzere wautali, akulira, anali amuna anga amene anayamba kuwaona n'kufuula, anthu onse, athu ndi awo omwe, n'kutembenukira komwe chala chawo chinaloza. Mayi wapakamwa uja anavula nsapato zagogoda n'kuima ndi masokosi paudzu kuti aone bwino. Amuna anga atamubwereka mabainokula awo, zoonera patali zogwira m'manja, anakana kubweza mpaka atsekwewo atazimiririka.

Ndinaima pambali ndikuonerera, duku likufuna kuuluka. Ndakhala ndikunyadira zinthu zingapo m'dziko lino, tsiku lomwe ndinavala yunifolomu koyamba, tsiku lomwe ana anayamba sukulu, koma kunyada kwa tsiku limenelo kunali kwina. Munthu wanga anali atapulumutsa mbalame osachotsa ulemu wa wamkulu, ndipo anachita zimenezo mwa njira yakwathu, pamaso pa anthu omwe sankamva liwu ndi limodzi lomwe.

Tikulongedza mapoto, mayi wachizungu wa foni uja anabwera kwa ine. Nkhope inali itabwerera mwakale. Anati anali wokonzeka kuyambana ndi gulu lonse, koma sanamvetse zomwe anaona: bambo uja anagwadiranji, ndipo ananena chiyani kuti mkulu wogwira mbalame uja amvere msanga chotero? Kenako anafunsa ngati ndikumudziwa.

Chizungu ndimachitha, ndimalankhula tsiku lonse m'wodi ndi madokotala. Ndikanatha kumufotokozera za ulemu, za mlendo, za kugwada. Koma ndinayamba ndi funso lomalizalo, ndipo ndinayankha mokweza, m'zinenero zonse ziwiri, kuti ndi a m'minibasi omwe amve.

"Ndikuwadziwa bwino. Amenewo ndi amuna anga."