Tsiku Limene Inki Yotuwa Inatha

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, ine ndisakudziwa. Tinali titatsekera sukulu, nditamaliza Fomu 3, ndipo ndinkangokhala m'nyumba ku Chilobwe ndi kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, azakhali anandikokera kwa a Tchale, bambo a ku Chikwawa amene ankaimba besi m'kwaya. Anali ndi situdiyo ya zithunzi pafupi ndi Ginnery Corner. "Uyu salankhula," anatero azakhali, "koma manja ake ndi aukhondo." A Tchale anaseka n'kunena kuti makina awo nawonso salankhula, tikagwirizana. Ndinayamba Lolemba lake.

Situdiyoyo inali ya zipinda ziwiri. Kutsogolo kunali kauntala ndi nsalu yaikulu yojambulirapo anthu. Kumbuyo kunali kompyuta, sikana yokopera zithunzi, ndi mapulinta awiri. Yaing'ono inkagwira ntchito tsiku lonse, kutulutsa zithunzi za pasipoti, za maphwando ndi za ana a sukulu ya mkaka. Yaikulu inkakhala yofunditsidwa chitenje, ndipo inali ya zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, zimene anthu amafuna kupachika pakhoma.

Sabata yoyamba a Tchale anandiphunzitsa kusiyana kwa inki ziwiri. Ya pulinta yaing'ono ndi ya dayi. Imasungunuka ngati utoto wonyikira nsalu, imalowa m'pepala, imawala bwino, ndipo ndi yosavuta kupeza, timangothira kuchokera m'mabotolo. Koma pulintayo ikafuna kupanga mtundu wotuwa imasakaniza yabuluu, yofiirira ndi yachikasu. Dzuwa ndi kutentha sizidya mitundu itatuyi mofanana. Wina umayamba kutha, ndipo nkhope ya munthu imasanduka yobiriwira kapena yofiirira, kenako n'kumafufutika. Ya pulinta yaikulu ndi ya pigimenti, tifumbi tating'onoting'ono timene timakhazikika pamwamba pa pepala. Ya chithunzi chakuda ndi choyera imakhala m'timabokosi titatu totchedwa makatiriji: yakuda, yotuwa, ndi yotuwa pang'ono. Iyi siipezeka msanga. A Tchale ankaiitanitsa kudzera kwa wamalonda wina wa ku Limbe, ndipo inkatenga masiku kuti ifike kuchokera ku Joni.

Iwo sankakhulupirira zolembedwa pakatoni. Pawindo lakumbuyo, limene limawombedwa ndi dzuwa la masana, ankamata tizidutswa ta zithunzi, theka lake atalibisa ndi katoni. Inki iliyonse yatsopano inkayamba yakhala pawindopo. Tsiku lina anandiuza kuti ndichotse katoni pa kachidutswa ka dayi. Mbali yobisika inali yotuwa bwinobwino, mbali ya padzuwa inali ngati tsamba la mpiru lofota. Pa kachidutswa ka pigimenti sindinathe kuona pamene panathera katoni. "Dayi ndi wa chithunzi choti akachione," anatero. "Pigimenti ndi wa chithunzi choti akhale nacho. Ndipo usadzayerekeze kuzisakaniza m'makina amodzi."

Ntchito yanga ya m'mawa uliwonse inali kuvundukula pulinta yaikulu, kuiyatsa, ndi kutulutsa pepala la mizere. Ndi kapepala kosonyeza ngati timabowo tonse totulutsa inki tili totseguka. Mizere ikaduka, umalamula makina kuti adzitsuke. Kutsukako kumadya inki yambiri, ndiye a Tchale anati kamodzi kokha, zikakanika ndiwaitane. Ndikatha ndinkaizimitsa n'kuifunditsanso. Pepala lake lokhuthala, losanyezimira, ndinkaligwira nditavala magolovesi a thonje, m'mbali mokha.

M'sabata yachinayi mizere inaduka. Ndinatsuka kamodzi, sizinatheke. A Tchale anali kutsogolo ndi kasitomala wovuta, ndipo ndinachita manyazi kuwadula mawu. Ndinatsukanso kachiwiri, kenako kachitatu. Mizere inalunzika, koma kanyali ka katiriji ya yotuwa pang'ono kanayamba kuphethira. Ndinadziwa tanthauzo lake: inkiyo inali pafupi kutha. Ndinadziwanso kuti ndine ndachititsa. Ndinafunditsa chitenje msangamsanga, ndipo madzulo ndinalemba m'kabuku kanga kuti, "Kanyali kayamba kuphethira. Ndiwauza mawa." Mawu omwewo ndinawalemba masiku asanu ndi limodzi otsatizana. M'mawa uliwonse ndinkakonza chiganizo m'minibasi, koma ndikaona nkhope yawo chinkathawa.

Lachitatu la sabata yotsatira kunabwera mayi Zuze. Ankakhala ku Naperi ndipo ankagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, koma kwawo ndi ku Nsanje. Anatulutsa m'Baibulo kachithunzi kakang'ono ngati bokosi la machesi, komatula pa khadi la amayi a mpingo. Anali mayi awo, amene anamwalira chaka chapitacho. Chithunzi china panalibe, zonse zinapita ndi madzi osefukira. Loweruka kunali mwambo wa chiliza kumudzi, ndipo ankafuna chithunzi chokula ngati pepala la mu ofesi choti akapatse bambo awo okalamba.

A Tchale anafunsa kumene chikakhale. Mayi Zuze anati pabalaza, moyang'anana ndi chitseko, kuti bambo azichiona ali pampando wawo. Anafunsanso ngati nyumbayo ndi ya malata, ndipo mayiwo anati inde. "Kutentha kwa kwathu kuja ndikukudziwa," anatero a Tchale. "Ichi ndi cha pulinta yaikulu. Adzukulu anu adzachipeza." Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndikupukuta galasi la sikana.

Lachinayi lonse a Tchale anali pakompyuta, kuchotsa timadontho ndi mikwingwirima, kubwezeretsa khutu limene linang'ambika pomatula. Anamaliza nthawi yoweruka. Anandiuza kuti mawa apita ku Zomba kukajambula omaliza maphunziro, ndiye ine ndisindikize m'mawa, ndichisiye chiume pathebulo, ndipo masana mayi Zuze akabwera ndichiike mu envelopu yolimba. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi "Chabwino, bwana." Ndinadziuza kuti kanyali kakamaphethira, inki imakhala idakalimo pang'ono.

Lachisanu ndinafika mamawa. Mizere inatuluka yosaduka, ndipo ndinathokoza Mulungu. Ndinavala magolovesi, ndinalowetsa pepala, ndinasankha dzina la pepalalo pakompyuta monga anandiphunzitsira. Makina anayamba kuyenda. Duku linatuluka, kenako mphumi, kenako nsidze. Atafika pamaso anaima. Kanyali kanasiya kuphethira n'kungoyaka.

Ndinachotsa katirijiyo, ndinaigwedeza pang'onopang'ono monga timachitira ndi yatsopano, ndinaibwezera. Palibe. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Pepala linangotuluka, lili ndi theka la mutu wa mayi aja, pansi pake poyera. Ndinaimbira a Tchale kanayi, foni yawo inali yozimitsa. M'kabati munalibe katiriji ina. Ndinayang'ana pulinta yaing'ono, ili phee ndi mabotolo ake odzaza.

Ndinasindikiza pamenepo, pa pepala lonyezimira. Sizinatenge nthawi. Chithunzicho chinatuluka chokongola kwambiri, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Ukachiyang'ana pansi pa getsi sukanadziwa kanthu. Nditapita nacho pakhomo, pa kuwala kwa kunja, ndinaona kufiirira pang'ono m'masaya, koti munthu wosadziwa sangakuone.

Mayi Zuze anafika itangokwana thwelofu, ali ndi chikwama chaulendo ndi nkhata ya maluwa apulasitiki. Atatulutsa chithunzicho anakhala pansi pa benchi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi iwowo," anatero. "Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Bambo sakagona lero." Ine ndinangogwada pang'ono. Anatuluka, kupita kusiteji kukakwera minibasi ya m'tauni, kumene akapeze ya ku Nsanje.

Ndinatsala ndekha. Ndinatulutsa kabuku kanga m'chikwama, chifukwa ndi kumene ndinkathawira. Ndinalemba deti. Kenako ndinaona mizere isanu ndi umodzi ija, yofanana, ndipo ndinazindikira kuti ndikufuna kulembanso chimene ndimayenera kunena. Ndinaganiza za nkhalamba ya ku Nsanje ikuyang'ana nkhope ya mkazi wake ikusintha mtundu pang'onopang'ono, n'kumaganiza kuti ndi maso ake amene akufa. Ndinakiya chitseko n'kuthamanga.

Pasiteji panali phokoso la masiku onse. Woitanira wina anandigwira dzanja. "Limbe, sisi? Chilobwe? Mwathawa kwa ahedi kodi?" Ndinamuchotsa dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu. Ndinasuzumira m'maminibasi atatu. M'yachitatu ndinaona maluwa apulasitiki aja pawindo. Inali itatsala ndi munthu mmodzi kuti idzaze.

Ndinagogoda pagalasi. Mayi Zuze anatsegula, n'kufunsa ngati aiwala kanthu. Mawu anga anatuluka aang'ono moti anati ndibwereze. Ndinabwereza mokweza, anthu onse a m'minibasi akumva. Ndinati chithunzicho sindinachisindikize ndi inki imene a Tchale analonjeza, kuti inki yabwinoyo inatha chifukwa cha ine, ndipo ichi chikakhala pakhoma potentha chidzafufutika.

Nkhope yawo inasintha. "Ndiye ukundiuza kuti mayi anga akafenso kachiwiri pakhoma?" anatero. Bambo wina kumbuyo anati, "Ana a masiku ano!" Kondakitala anamenya chitseko n'kunena kuti za maliro tikakambirane kunyumba, iye ali pantchito. Ndinapempha mayiwo kuti apite nacho cha mwambo wa mawa wokha, asachiike padzuwa, ndipo inki ikafika tidzawasindikizira chenicheni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Unali ndi pakamwa pomwe ndinali muja?" Minibasi inanyamuka.

A Tchale anabwera dzuwa litapendeka, atatopa, kamera ili pakhosi. Ndinali nditaika theka la chithunzi lija pathebulo kuti ndisapeze pothawira. Ndinawauza zonse, kuyambira kutsuka katatu kuja. Anandifunsa tsiku limene kanyali kanayamba, ndipo nditawauza anawerenga masiku ndi zala. Inkiyo ikanakhala itafika Lachiwiri. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Tadala, kutha kwa inki si mlandu. Inki imatha. Koma ine sindingaitanitse chinthu chimene chili m'mutu mwako." Kenako anaimbira mayi Zuze kuwapepesa, ine ndili pomwepo, ndipo anandipatsa foni kuti nanenso ndipepese.

Inki inafika patapita sabata. A Tchale anati ndisindikize ndekha, iwo ataima pambali. Ndinagwedeza katiriji, ndinatulutsa mizere, ndinalowetsa pepala lokhuthala. Makina atafika pamaso sanaime, anapitirira mpaka pa kolala ya bulauzi. Tinachisiya chiume mpaka mawa lake tisanachiike m'fulemu, chifukwa ukafulumira kutseka ndi galasi, mkati mwa galasilo mumachita nkhungu.

Mayi Zuze anapita nacho ku Nsanje kumapeto kwa mwezi. Lolemba lake anabwera nacho ku situdiyo, chili m'pepala momwe tinachikulungira. Ndinkaganiza kuti talakwitsanso. Iwo anakhala pa benchi n'kufotokoza. Pa tsiku la chiliza, chithunzi choyamba chija anachiika pamanda, abusa anapemphera chili pomwepo, abale onse anachigwira, ndipo madzulo bambo awo anachipachika okha. Atawabweretsera chatsopano anakana. Anati chimene chinapita kumanda ndi chomwecho, sangatsitse mkazi wawo pakhoma ngati kalendala. Anawafotokozera za inki, koma nkhalambayo inati ya Blantyre ikhale ku Blantyre komweko.

"Ndiye ichi ndichisunga ku Naperi," anatero mayi Zuze. "Tsiku limene adzandiimbire kuti amayi ako sakuonekanso bwino, ndidzakwera nacho." Sanandikalipire. Anandifunsa kuti choyambacho chingakhale nthawi yaitali bwanji. Ndinafuna kunena kuti zaka zambiri, kuti apite ndi mtima wabwino. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, koma chitseko chikamakhala chotsegula masana sichichedwa, ndipo akawapemphe bambo kuti achisunthire kukhoma limene dzuwa silifikako. Anati ayesa.

Sukulu itatsegulidwa ndinasiya ntchitoyo, koma ndimapitabe Loweruka lina kukathandiza. Kwa amene akufuna kuphunzira ntchitoyi, za inki si zovuta kuzigwira. Chithunzi chakuda ndi choyera choti chikhalitse chimafuna pigimenti, pepala loyenerana nayo, ndi nthawi youma. Chovuta n'chakuti kasitomala sangaone kusiyana kwake tsiku lotenga, amene akudziwa ndiwe wekha. Ine ndinalankhula, koma ndinachedwa ndi masiku khumi, ndipo kuchedwako sikunakonzeke ndi chithunzi chachiwiri. Masiku ano kanyali kakangophethira ndimanena nthawi yomweyo, ngakhale a Tchale ali pakati pa nkhani ndi munthu. Koma kukatentha kwambiri kuno ku Chilobwe ndimaganiza za ku Nsanje, kumene kumatentha kuposa kuno, ndipo mpaka lero mayi Zuze akandipeza pakauntala ndimaopa kuwafunsa ngati bambo awo aimba foni.